Kuwerenga ndi kuliza nyimbo za m'buku la limba la ku Buxheim

Tsamba la buku la limba la ku Buxheim limanyenga maso. Pamwamba pali mizere yodzaza ndi timanoti takuda tothamangitsana, ndipo woliza kiyibodi aliyense amafuna kuyambira pomwepo. Pansi pake pali zilembo zochepa, c, d, f, g, zotalikirana, zooneka ngati zosafunika kwenikweni. Komatu nyimbo yeniyeni ili m'zilembozo. Mawu otchedwa tenor, amene amalembedwa ndi zilembo, ndiwo nsanamira za nyumba, ndipo zothamanga za dzanja lamanja ndi udzu wofolera. Choncho kuwerenga, kukopera, kuyeserera ngakhale kuchuna limba, zonse ziyambire pa tenor.

Bukuli linalembedwa pamanja cha m'ma 1460 mpaka 1470, kumwera kwa dera la anthu olankhula Chijeremani, ndipo muli nyimbo zopitirira 250. Gawo lalikulu linalembedwa ndi dzanja limodzi, masamba akumapeto ndi alembi ena angapo, ndipo nyimbo zambiri zilibe dzina la wopeka. Dzina la bukuli linachokera ku nyumba ya amonke a chipani cha Carthusian ku Buxheim, pafupi ndi Memmingen ku Germany, kumene linasungidwa. Amonke a chipani chimenechi saliza limba pa mapemphero awo, ndiye bukuli linangofikirako ngati mlendo. Mu 1883 linapita ku Munich, ku laibulale ya Bayerische Staatsbibliothek, kumene nambala yake ndi Mus.ms. 3725, ndipo zithunzi za masamba ake zikupezeka pa intaneti kwaulere. Ntchito ya Bertha Antonia Wallner yolemba nyimbo zonsezi m'manoti amakono inasindikizidwa mu 1958 ndi 1959, m'mabuku atatu. Mukaipeza igwiritseni ntchito, koma chithunzi cha tsamba lenileni chikhale pambali, chifukwa wolemba m'manoti amakono aliyense amakhala atakusankhirani kale zinthu zina zimene mukanafuna kusankha nokha.

M'bukumo muli nyimbo za oimba pakamwa zimene zinasamutsidwira pa limba, monga Je loe amours ya Binchois, Se la face ay pale ya Dufay ndi O rosa bella, pamodzi ndi nyimbo zambiri za Chijeremani. Muli za m'tchalitchi, Kyrie, Gloria, Salve Regina ndi Magnificat. Muli timanyimbo tifupitifupi totsegulira totchedwa praeambulum. Ndipo muli maphunziro otchedwa fundamentum, amene ena mwa iwo ali ndi zilembo za dzina la Conrad Paumann, katswiri wa limba wosaona wa ku Nuremberg amene anasamukira ku Munich mu 1450 ndipo anamwalira mu 1473. Woyamba kumene asankhe praeambulum imodzi ya mizere iwiri kapena itatu. Nyimbo zazitali zokongoletsedwa kwambiri zibwere pambuyo.

Zilembo za m'munsi

Kalembedwe kake ndi kosakaniza: mawu apamwamba, discantus, ali m'manoti pa mizere, pamene mawu awiri a m'munsi, tenor ndi contratenor, ali m'zilembo zondandalikidwa m'mizere iwiri. Chilembo chilichonse chikutchula kiyi imene chala chiponde. Amene anazolowera solofa sadabwa ndi nyimbo yolembedwa m'zilembo, koma achenjere kuti d wa pano ndi kiyi ya D, si do, ndipo f ndi kiyi ya F nthawi zonse, kaya nyimbo ili m'kiyi yanji.

Msampha woyamba ndi b. Kwa Ajeremani b ndi B fulati, ndipo B wamba amalembedwa h. Mukawerenga b ngati B wamba, pamene pali F m'mawu ena mumva kuwawa kwa mpata wa F ndi B kumene olemba a nthawiyo ankakupewa. Pamanja pa mlembi wofulumira b ndi h zimafananso kwambiri. Yang'anani ngati mimba ya chilembocho yatsekeka pansi kapena yatseguka, ndipo mukakayika funsani mawu enawo.

Mashapu amalembedwa ndi kamchira kopindika kumapeto kwa chilembo. c wokhala ndi kamchira ndi C shapu, f wa kamchira ndi F shapu, g wa kamchira ndi G shapu. Msampha wachiwiri uli pa d wa kamchira. Mlembi akutchula kiyi yakuda ya pakati pa D ndi E, ndipo m'nyimbo za nthawi imeneyi kiyi imeneyo pafupifupi nthawi zonse ikugwira ntchito ya E fulati. Ikakhala pamodzi ndi c, g kapena b, ilembeni E fulati m'kope lanu. Pa kiyibodi chala chiponda malo amodzimodzi, koma mukailemba D shapu mudzasokonezeka poona mmene mawu akugwirizanirana, ndipo pochuna limba mudzaichuna molakwika.

Okitevu imasonyezedwa ndi kamzere kopingasa pamwamba pa chilembo: chopanda kamzere chili m'munsi, cha kamzere chili okitevu imodzi pamwamba. Pano tilemba c' kutanthauza C wapakati pa kiyibodi, ndi c kutanthauza wa m'munsi mwake. Ife lero timayamba okitevu yatsopano pa C, koma alembi a nthawiyo ankaika malire pafupi ndi b ndi h, ndiye h wa kamzere akhoza kukhala woyandikana ndi c' kumunsi kwake, osati masitepe asanu ndi imodzi pamwamba. Njira yodziwira ndi yapafupi. Tenor ndi nyimbo yoti munthu angathe kuimba pakamwa, imayenda sitepe ndi sitepe, nthawi zina kudumpha pang'ono. Mukaona tenor wadumpha masitepe asanu ndi awiri n'kubwereranso pomwepo, ndinu mwalakwitsa okitevu, kapena mlembi anaiwala kamzere.

Kutalika kwa noti kumalembedwa pamwamba pa chilembo. Kadontho kamodzi ndi semibrevis. Kandodo koongoka ndi minima, theka la semibrevis. Kandodo ka mbendera ndi semiminima, theka la minima. Timadontho titatu ndi brevis ya magawo atatu, tiwiri ndi brevis ya magawo awiri, gawo lililonse likutalika ngati semibrevis imodzi. Samalani kuti kamzere ka okitevu ndi zizindikiro za kutalika zili malo amodzi, pamwamba pa chilembo, ndipo inki ikafalikira zimalowerana. Kulitsani chithunzi musanagamule.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ozolowera kwaya ya mawu anayi. Mzere wa zilembo wapansi si besi. Tenor ndi contratenor amayenda m'dera limodzi la kiyibodi ndipo amadutsana kawirikawiri, wina pamwamba lero, mawa pansi. Tenor mumamuzindikira ndi khalidwe lake: amayenda mwadongosolo, sasowa, ndipo pamathero a chiganizo chilichonse amatsika sitepe imodzi pamene discantus akukwera sitepe imodzi, awiriwo n'kukumana pa okitevu. Contratenor amadumphadumpha, amatseka mipata, ndipo nthawi zina amangokhala chete kwa zipinda (ma bar) zingapo.

Manoti a pamwamba

Mizere ya discantus ndi yoposa isanu imene tinazolowera, kawirikawiri isanu ndi iwiri. Diso lozolowera mizere isanu limaphonya ndi mzere umodzi osazindikira. Sindikizani tsambalo, pezani chizindikiro cha c kumanzere, ndipo mzere umene chakhalapo muudutsitse pensulo yofiira kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Muziwerenga noti iliyonse kuchokera pa mzere wofiirawo.

Manoti onse ndi akuda. Wopanda ndodo ndi semibrevis, wa ndodo yokwera ndi minima, wa ndodo ndi mbendera ndi semiminima. Ndodo yotsika pansi ilibe chochita ndi kutalika. Ikakhala yongotsika, kapena yodulidwa ndi kamzere, ikunena kuti noti imeneyo ipite pa kiyi yakuda yoyandikana nayo, ndipo inuyo ndiye mudziwe mbali yake: pa c, f ndi g ndi shapu, pa B ndi E ndi fulati. Ndodo yotsika ikathera m'kamphete, chimenecho ndi chokongoletsa chotchedwa mordent. Noti imodzi ikhoza kukhala ndi ndodo yokwera ndi yotsika nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri ziwerengedwe.

Kukopera

Musalize kuchokera pa chithunzi poyamba. Tengani pepala la manoti, mizere iwiri yolumikizana monga ya piyano, ndipo sankhani muyeso umodzi wosasintha: semibrevis ikhale crotchet, minima ikhale quaver, semiminima ikhale semiquaver. Ndi muyeso umenewu brevis ya magawo atatu imadzaza chipinda chimodzi cha 3/4. Mlembi anadula kale nyimbo m'zipinda ndi mizere yoimirira, ndiye jambulani zipinda zofanana nazo ndipo muzipatse manambala pa chithunzi ndi pa kope lanu. Mukalumpha chipinda chimodzi popanda manambala, mudzazindikira mutafika kumapeto, mawu apamwamba atatha pamene tenor akadali ndi ulendo.

Lembani tenor yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako muimbeni pakamwa. Ngati sakuimbika, pali cholakwika, ndipo chikonzedwe tsopano. Ngati nyimboyo ndi ya m'tchalitchi, yerekezani ndi nyimbo ya Chilatini ya dzina lomwelo m'buku la nyimbo za Gregorian. Manoti ake muwapeza mwa tenor, atatalikitsidwa, mwina ndi kusiyana pang'ono chifukwa dera lililonse linali ndi kaimbidwe kake.

Kenako lembani noti yoyamba yokha ya discantus m'chipinda chilichonse, ndipo muone mpata wake ndi tenor. Powerenga mpata timawerenga makiyi oyera kuphatikizapo oyambira ndi omalizira: C mpaka E ndi mpata wachitatu, C mpaka G wachisanu, C mpaka A wachisanu ndi chimodzi, C mpaka C okitevu. Pachiyambi pa chipinda muyenera kupeza umodzi mwa mipata imeneyi, kapena womwewo wowonjezera okitevu. Mukapeza mpata wachiwiri kapena wachisanu ndi chiwiri pa zipinda zingapo zotsatizana, mwawerenga mizere molakwa. Mukaupeza pa chipinda chimodzi chokha, onani noti yotsatira, chifukwa nthawi zina dzanja lamanja limayamba ndi noti yoyandikana n'kugwera pa yoyenera.

Pamenepo ndiye mudzaze timanoti tonse, chipinda ndi chipinda, mukuwerengetsa. Chipinda cha 3/4 chimalandira ma quaver 6 kapena ma semiquaver 12. Zikapanda kukwana, musathamangire kunena kuti mlembi analakwa. Onani kaye ngati simunaphonye mbendera. Ngati manoti achuluka, yesani kuona ngati atatu ena akulowa m'malo a awiri. Ngati zakanikabe, sungani noti yoyamba ya chipinda chotsatira pamalo pake ndipo konzani mkati mwa chipinda chovutacho, n'kulemba kachizindikiro m'kope kuti apa mwasintha ndinu. Musadalire kuti chilembo chili pansi penipeni pa noti imene chimalira nayo. Mlembi ankayesetsa, koma malo akamuchepera ankapanikiza. Contratenor alowe pomaliza.

Za mashapu owonjezera, dzanja likhale lolemera. M'mabuku a oimba pakamwa a nthawiyo mashapu ambiri sankalembedwa, oimba ankawadziwa okha, koma m'kalembedwe ka limba mlembi ankatchula kiyi yeniyeni, choncho zambiri zili kale pa tsamba. Malo amene mungawonjezere ndi pamathero a chiganizo: tenor akatsika kuchoka pa e kupita pa d, discantus ayenera kuchoka pa C shapu kupita pa d', ndipo ngati ndodo yotsika palibe, mwina inaiwalika. Mupezanso kawirikawiri discantus akuchita C shapu, h, kenako d', kutsika kaye asanakwere. Si cholakwa, ndi kakomedwe ka nthawiyo. Contratenor pamalo omwewo amachoka pa G shapu kupita pa a, kapena amadumpha okitevu yathunthu kuchoka pa A wa m'munsi. Koma tenor akatsika theka la sitepe, f kupita pa e, musaike shapu pa discantus. D' apite pa e' momwemo.

Manja ndi zala

Yeserani dzanja lamanzere lokha mpaka tenor azimveka ngati nyimbo. Liwiro lichokere kwa iye. Yambani ndi semibrevis pa 60 pa mphindi. Nyimbo yopanda zokongoletsa zambiri ikhoza kukwera mpaka 80, yodzaza ma semiquaver ikhoza kutsika mpaka 50. Mukatsika kuposa apo tenor amaduka, womvera samathanso kulumikiza noti ndi inzake, ndipo chotsala ndi zala zongoyendayenda. Ngati dzanja lamanja silingathe pa liwiro limene tenor akufuna, nyimboyo siinafike nthawi yake kwa inu, sankhani ina.

Kumapeto kwa bukuli kuli malangizo achidule a Chilatini, ndipo limodzi mwa iwo likukhudza makiyi a mapazi: contratenor akakhala pamwamba pa tenor, tenor apite ku mapazi, ndipo contratenor akatsika pansi pa tenor, iyeyo ndiye atenge malo apansi. Mwachidule, phazi limatenga amene ali pansi pa nthawiyo. Pa kiyibodi yopanda makiyi a mapazi dzanja lamanzere ligwire onse awiri. Akatalikirana kuposa mmene dzanja lingatambasukire, chala chachikulu cha dzanja lamanja chithandize, ndipo zikakanika ndithu, siyani noti ya contratenor. Ya tenor isasiyidwe, chifukwa tenor ndi discantus paokha ndi nyimbo yokwanira.

Buku la Buxheim silinena za zala. Malangizo akale kwambiri a zala amene alipo ndi a Hans Buchner, woliza limba wa ku Konstanz, a cha m'ma 1520, ndipo ngakhale anabwera patapita zaka makumi angapo, ndi a mwambo womwewo. Kwa iye zothamanga zimayenda ndi chamkombaphala ndi chala chapakati mosinthana, chala cha mphete chikuthandiza pokhota, chala chachikulu chikugwira ntchito mwa apo ndi apo. Poyamba zimaoneka zopusa kwa wophunzira piyano. Yesanibe, dzanja litapendekera pang'ono mbali imene mukupita. Zotsatira zake manoti amatuluka awiriawiri, ndi kampata kakang'ono pakati, ndipo m'tchalitchi chokhala ndi mamvekero kampata kameneko ndi kamene kamachititsa kuti manoti 12 amveke 12. Pa limba kumenya kiyi mwamphamvu sikukweza mawu. Chida chanu chokha ndi nthawi imene mwaponda ndi nthawi imene mwanyamula chala, ndiye noti imene mukufuna imveke yolemera muitsogoze ndi kampata kokulirapo.

Mordent, malinga ndi Buchner yemweyo, amachitika chonchi: noti yolembedwayo igwireni ndi chala chapakati osaisiya, ndipo chamkombaphala chigunde mofulumira kiyi yoyandikana nayo kumunsi, kamodzi kapena kangapo, n'kuisiya. Cholakwika chofala ndi kuyambira pa noti ya pamwamba monga zimachitikira m'nyimbo za zaka za m'ma 1700, kapena kuchedwa pa chokongoletsacho mpaka dzanja lamanzere kudikira. Tenor asadikire chokongoletsa.

Nyimbo zotchedwa redeuntes zili ndi vuto lakelake. M'menemo tenor amangobwereza noti imodzi chipinda ndi chipinda, ndipo mitu yake imatchula notiyo ndi mayina akale a solofa, ut, re, mi, fa, sol, la, pamene ut ndi amene pambuyo pake anasanduka do. Chiyeso n'chakuti mungogwira kiyiyo osaisiya. Musatero. Nyamulani chala kwa kanthawi kofanana ndi quaver imodzi chipinda chisanathe, n'kupondanso pachiyambi pa chotsatira. Kugunda kobwerezabwerezako ndiko kumagwira nyimbo yonse.

Kuchuna

Apa ndi pamene kiyibodi yamagetsi imaposa malimba ambiri a mapaipi, chifukwa kusintha machunidwe ndi nkhani ya mabatani. Machunidwe a makiyibodi a lero amagawa okitevu m'magawo 12 ofanana, gawo lililonse masenti 100. Olemba nyimbo za Buxheim sankamva zimenezo. Pa machunidwe ofananawa nyimbozi zimamveka zozizira, ndipo anthu amaganiza kuti vuto ndi nyimbo.

Machunidwe akale, otchedwa a Pythagoras, amatenga mpata wachisanu woyera, wa masenti 702, n'kuubwereza. Mipata 11 imatuluka yoyera, wa nambala 12 umaperewera ndi masenti pafupifupi 24 ndipo umalira moipa moti unapatsidwa dzina la mmbulu. Funso ndi lakuti mmbuluyo aikidwe pati. Henri Arnaut de Zwolle, dokotala wa ku nyumba yachifumu ya Burgundy amene analemba za kapangidwe ka malimba cha m'ma 1440, anamuika pakati pa B ndi F shapu. Ngati kiyibodi yanu imalola kusintha kiyi iliyonse payokha, ikani manambala awa a masenti: C 0, G +2, D +4, A +6, E +8, B +10, F -2, B fulati -4, E fulati -6, G shapu -8, C shapu -10, F shapu -12. Tsopano pondani D ndi F shapu. Mpata umenewu watuluka masenti 384, pafupi kwambiri ndi woyera wa 386, ndipo ukumveka wodekha. A ndi C shapu, E ndi G shapu, chimodzimodzi. Pondani C ndi E: masenti 408, wowala, wosakhazikika, wofuna kupita kwina. Kusiyana kumeneku kuli m'nyimbo momwemo, makamaka pamene wolemba waima nthawi yaitali pa A ndi C shapu asanagwere pa D.

Ngati kiyibodi ili ndi Pythagorean yokonzeratu, pondani mipata yachisanu yonse 12 mmodzimmodzi mpaka mupeze wolira moipa. Makina ambiri amamuika pakati pa G shapu ndi E fulati. Zikatero sinthani noti yoyambira machunidwe kuchoka pa C kupita pa E fulati, ndipo mmbulu asamukira pa B ndi F shapu. Yesaninso ndi khutu, chifukwa makampani sachita mofanana.

Si nyimbo zonse za m'bukuli zimakondwa ndi machunidwe amenewa. Bukuli linalembedwa pa nthawi imene makutu ankasintha, anthu akuyamba kukonda mpata wachitatu wokoma pa makiyi oyera. Onani m'kope lanu malo amene mawu onse atatu aima pamodzi nthawi yaitali. Ngati ambiri ndi C ndi E, F ndi A, G ndi B, nyimboyo ikufuna machunidwe otchedwa meantone, amene amachepetsa mpata wachisanu uliwonse kufika pa masenti pafupifupi 697 kuti wachitatu ukhale woyera. Manambala ake ndi awa: C 0, G -3, D -7, A -10, E -14, B -17, F shapu -21, C shapu -24, G shapu -27, F +3, B fulati +7, E fulati +10. Mmbulu wake ali pakati pa G shapu ndi E fulati, wokula mpaka masenti 737, ndipo nyimbo za Buxheim sizipondako. Apa mukuona chifukwa chake d wa kamchira uja anayenera kulembedwa E fulati: pa +10 amagwirizana ndi G ndi B fulati, koma mukanamuchuna ngati D shapu akanatsika ndi masenti oposa 40 ndipo akanawononga malo onse amene akupezeka. Lizani nyimbo imodzi m'machunidwe onse awiri musanasankhe. Kwa amene akufuna kuchuna kamodzi basi pa pulogalamu yonse, meantone ndiye amalakwira nyimbo zochepa.

Mawu a limba

Malimba akuluakulu a m'matchalitchi a nthawiyo, monga la ku Halberstadt la mu 1361 limene Michael Praetorius, Mjeremani wolemba za nyimbo, analifotokoza mu 1619, anali ndi mizere yambiri ya mapaipi yolira pamodzi pa kiyi iliyonse, popanda njira yotsekera ina. Kamangidwe kameneka kamatchedwa Blockwerk. Pofika nthawi ya Buxheim amisiri anali atayamba kupatula mzere wakutsogolo kuti uzitha kulira wokha, ndipo kunalinso timalimba tating'ono toika patebulo kapena pamwendo, mnzako akupopa mivukuto kapena dzanja lako lamanzere likupopa. Limba la ku Valère mu mzinda wa Sion ku Switzerland, la cha m'ma 1435, ndi la ku Rysum kumpoto kwa Germany akadali ndi mapaipi a m'zaka zimenezo ndipo akulirabe. Mverani zojambulidwa pa malimba amenewa kuti khutu lidziwe chimene likufuna. Mutu wa imodzi mwa nyimbo za Je loe amours m'bukuli umanenanso kuti ikhoza kulizidwa pa zoimbira za zingwe kapena pa limba, choncho amene ali ndi mawu a harpsichord kapena zeze pa kiyibodi yake sakulakwa kuwayesa.

Pa limba la masitopu, zokoka zimene zimatsegula kapena kutseka mizere ya mapaipi (8' imalira pa noti imene mwaponda, 4' okitevu pamwamba, 16' okitevu pansi), nyimbo zosamutsidwa kuchokera kwa oimba zimakoma pa Principal 8' yekha, kapena Principal 4' yekha ngati tchalitchi ndi chaching'ono, kapena chitoliro cha 4'. Praeambulum, redeuntes ndi za Misa zipatseni gulu lonse la ma Principal: 8', 4', 2 2/3', 2' ndi Mixture. Siyani Tierce ndi Sesquialtera mukakhala pa machunidwe a Pythagoras, chifukwa mapaipi ake amalira mpata wachitatu wa masenti 386 pamene makiyi anu akupereka 408, ndipo kusiyana kwa masenti 22 kumamveka ngati kukangana. Siyaninso Tremulant yonjenjemeretsa mawu, masitopu a malipenga, ndi chopondera chokweza ndi kutsitsa mawu. Sitopu ya 16' ku mapazi ichenjeredwe: popeza phazi limasinthana pakati pa tenor ndi contratenor, 16' imagwetsa zidutswa za tenor okitevu imodzi pansi ndipo nyimbo yake imathyoka. Lumikizani mapazi ku makiyi a manja pa 8' basi.

Pa kiyibodi wamba, mawu olembedwa Church Organ nthawi zambiri amabwera ndi 16' ndi mamvekero ochuluka, ndipo tenor ndi contratenor, amene ali pafupipafupi m'munsi mwa C wapakati, amasanduka phokoso limodzi. Sankhani mawu opyapyala a limba laling'ono, tsitsani reverb kufika pa kotala, zimitsani touch response kuti makiyi onse azilira mofanana, ndipo chopondera cha sustain chichotsedwe. Makiyi 61 ndi okwanira n'kutsala, popeza malimba a nthawiyo anali ndi maokitevu atatu kapena kuchepera. Amene ali ndi kompyuta akhoza kulumikiza kiyibodi ku GrandOrgue, pulogalamu yaulere imene ili ndi machunidwe akalewa.

Fundamentum ndi kulandizana ndi kwaya

Masamba a fundamentum anthu ambiri amawadumpha chifukwa amaoneka ngati masamu, koma ndi amene amafotokoza buku lonse. Tenor amakwera sitepe ndi sitepe, kenako amatsika, kenako amadumpha mpata wachitatu, wachinayi, wachisanu, kenako amabwereza noti imodzi, ndipo pamwamba pa kuyenda kulikonse pali njira zingapo zimene dzanja lamanja lingadutse. Paumann sankaona, ndipo ophunzira ake ankasunga njirazi m'zala kuti akapatsidwa tenor aliyense apeke pomwepo. Chitani chimodzimodzi ndi kachidutswa kamodzi pa tsiku. Mwachitsanzo, dzanja lamanzere ligwire c kwa chipinda chathunthu, lamanja lilize ma quaver 6, c' d' c' h c' h, n'kugwera pa a pamene lamanzere lafika pa d. Pitirizani a h a g a f, kugwera pa g pamwamba pa e. Mwachoka pa okitevu, mwadutsa pa mpata wachisanu, mwafika pa wachitatu, manja akuyandikirana. Mukaloweza njira khumi zotere kuchokera m'bukumo, muyamba kuziona paliponse m'nyimbo zazitali zija, ndipo chipinda chimene munkawerenga noti ndi noti muzichiwerenga kamodzi. Zimathandizanso pokonza zolakwika za mlembi, chifukwa mukudziwa kale mmene njirayo imathera.

Za m'tchalitchi musazilize motsatizana ngati nyimbo imodzi yaitali. Zinapangidwa kuti limba ndi oimba azilandizana ndime. Pa Kyrie ya magawo 9, limba limatenga loyamba, lachitatu, lachisanu, lachisanu ndi chiwiri ndi lomaliza. Pa Salve Regina mwambo unali wakuti limba litenge Salve regina, Ad te clamamus, Eia ergo, O clemens ndi O dulcis, oimba n'kutenga Vita dulcedo, Ad te suspiramus, Et Jesum ndi O pia. Onani mawu oyamba olembedwa pa gawo lililonse m'bukumo kuti mudziwe ndime zimene zatsalira oimba. Anthu atatu kapena anayi oimba mawu amodzi, popanda limba kuwaperekeza, akwanira.

Chimene chimavuta ndi polumikizira. Oimba amatenga noti yawo kuchokera pa noti yomaliza ya tenor, osati ya discantus, ndiye yeserani polumikizira paliponse padera: zipinda ziwiri zomaliza za limba, mpweya umodzi, mawu atatu oyamba a oimba. Oimba akatsika pang'ono m'ndime yawo, limba likabwerera kutsikako kumaonekera poyera, choncho ndime zawo zisakokedwe. Ngati tenor wakwera kapena watsika kwambiri kwa oimba anu, gwiritsani ntchito batani la transpose m'malo mosamutsa zala, chifukwa kusamutsa zala kukulowetsani m'makiyi akuda amene machunidwe akale sawalola. Mukatero pondaninso mipata yachisanu yonse 12. Pa makina ena machunidwe amasamuka pamodzi ndi makiyi, pa ena amatsalira, ndipo mmbulu akhoza kupezeka wakhala pa D ndi A, pamene Salve Regina amathera. Zikatero sunthani noti yoyambira machunidwe ndi masitepe omwewo amene mwasuntha transpose, ndipo yesaninso musanaitane oimba.